Mapurosesa awiri, nambala imodzi

Pali kanambala kena mu kernel ya Linux kamene kamandisangalatsa. Tsamba lililonse la memori, kawirikawiri la mabaiti 4096, limasunga chiwerengero cha amene akuligwiritsa ntchito. Chikafika pa 0, tsambalo limabwerera kunkhokwe. Tsono mapurosesa awiri akawerenga 2 nthawi imodzi, aliyense n'kuchotsapo 1, onse alemba 1, tsambalo osabwereranso. Mankhwala ake ndi atomic: kuwerenga, kuchotsera ndi kulemba zimachitika kamodzin'kamodzi, wina osalowererapo. Ntchito ikakhala yotalikirapo amaika loko wotchedwa spinlock: purosesa imodzi imalowa, enawo n'kumangozungulira pakhomo mpaka mnzawo atatuluka. Koma loko mmodzi wotsekera zonse ine sindigwirizana naye, amachedwetsa aliyense. Loko wotereyu, Big Kernel Lock, anamuchotseratu mu 2011, mu Linux 2.6.39.