Magetsi zii, mpope gwa: chifukwa chake Lamulungu limatilaka mu Blantyre

Lamulungu lapitali ndinalikonzekera ngati ukwati. Ndinati ndigona mpaka 8 koloko, masana ndionere filimu, madzulo ndiphike nkhuku ya lokolo ndi mpunga wa Kilombero. Apongozi anga amabwera kuchokera ku Mulanje kudzaona mdzukulu wawo, ulendo woyamba chisamukireni ife kuno ku Chilomoni. Amene muli pabanja mukudziwa mmene mtima umagundira.

Cha m'ma 6 koloko m'mawa fani inangoti zii. Magetsi athima. Ndinati aaa, abwera pompano, n'kufundanso. Pofika 11 koloko mpope unayamba kutsokomola, kenako gwa, ngakhale dontho. Zovala zili zonyika m'beseni, mbale za dzulo osatsuka, foni ili pa 14 peresenti.

Pagulu la WhatsApp la m'dera lathu funso linali limodzi: bwanji zimakonda Lamulungu? Wina mpaka anati amachitira dala. Ayi anzanga, nkhaniyi mutu wake ulipo.

Magetsi ambiri m'dziko muno amachokera pa mtsinje umodzi wokha, Shire, pa malo atatu: Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi amagwa mwamphamvu n'kuzunguza makina. Vuto n'lakuti Shire sabwera ndi madzi okha. Amatenganso namasupuni, zinyalala, mchenga ndi matope, ndipo zonsezi zimakatseka polowera madzi. Kuti azichotse kapena akonze makina, nthawi zina amayenera kuimitsa kaye. Ndiye aimitse liti? Lolemba mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba akugwira ntchito, maofesi ndi mabanki ali otsegula. Lamulungu ambiri mwa amenewa amakhala atatseka, ofuna magetsi n'ngochepa. N'chifukwa chake ntchito zokonza, kaya pa siteshoni kaya pa mawaya a m'makwalalamu, zimakonda kugwera tsiku lomwe iwe wati upume. Zimawawa, koma nditakhala ine wosankha tsiku, ndikukayika ngati ndingasankhe lina.

Kudalira mtsinje umodziku tinakuona kuipa kwake mu Januwale 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira. Mamegawati pafupifupi 130 anachoka tsiku limodzi, ndipo tinakhala tikugawana mdima kupitirira chaka.

Nanga madzi akukhudzidwa bwanji? Blantyre ali pamwamba, Shire ali kunsi. Madzi ambiri omwe timamwa amatungidwa pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kuwapopa chokwera phiri kudzera ku Chileka mpaka adzafike m'matanki a m'tauni muno. Mapampu amenewo amadya magetsi koopsa. Akaima kapena kufooka, matanki amatsika, ndipo oyamba kuuma ndi ife okhala m'zitunda. Komanso magetsi akabwera musathamangire kumpope: mapaipi ndi matanki ayambe adzaza kaye, zomwe zimatenga maola.

Apongozi anafika 3 koloko, atanyamula nthochi ndi chinanazi. Ndinawagwadira, manja osasamba bwino.

"Mwatipeza tili mumdima, amayi. Madzinso kulibe."

"Nanga mbaula mulibe, mwana wanga?"

Mbaula inalipo, koma makala ndiye ayi. Ine ndimadalira hotipuleti, mayunitsi ndinali nditagula Lachisanu, ndikudzimva kuti ndine wadongosolo. Bambo a kunyumba anatenga zigubu ziwiri kukasaka madzi kwa anzathu a kumunsi, ine n'kuthamangira pamsika. Pa makala mzere ngati pachigayo. Timajumbo tomwe tija, koma mkati mwachepa, ndipo wogulitsa sakunyengerera munthu. Akudziwa kuti ulibe kolowera.

Ndili pamzerepo m'pamene zinandifika pamtima. Makala ambiri a mu Blantyre amachokera mbali za Neno ndi Mwanza, ena amayenda usiku panjinga mumsewu wa Zalewa. Kumeneko n'komwe mitsinje ing'onoing'ono imathira mu Shire. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi, dothilo n'kukathera ku makina omwe aja. Magetsi akathima, tonse timathamangira makala. Ndinagulabe, timajumbo titatu. Nanga apongozi agone ndi njala?

Ndinali ndi kachiyembekezo kuti magetsi abwera 5 koloko. Komatu imeneyo ndi nthawi yovuta kwambiri: kuyambira 5 mpaka 8 koloko madzulo aliyense wayatsa kuka, TV, ayironi ya yunifomu za mawa. Ngati makina ena sanayambe kuzungulira, madera ena amadikira ndithu.

Nkhuku ya lokolo siimva changu. Mbaula imodzi, ndiye zonse zinafola: nkhuku kaye, kenako mpunga, masamba pomaliza. Apongozi anakana kukhala pasofa. Anamanga chitenje, n'kukhala pampando wa khonde akukupiza moto ndi chivundikiro cha ndowa, mdzukulu ali kumsana. Anandiuza nkhani za mwana wawo ali wamng'ono zomwe mwini wake sanandiuzepo, ina yake ndidzamukumbutsa tikadzayambana.

Tinadya 9 koloko, tochi itapachikidwa pa msomali. Mpunga unapserera pansi, pamwamba uli wambwee. Magetsi anabwera tikusamba m'manja. Mpope unayamba kulira 2 koloko usiku, ndipo nditadzuka kuti nditchere ndowa, ndinapeza apongozi adzaza kale ziwiri.