Mabulosi ofiira ndi mabulosi a kwathu kuno: kubzala ndi ntchito zake

Mtengo umene mabuku amautcha mabulosi ofiira, Morus rubra, kwawo ndi kum'mawa kwa dziko la United States mpaka kum'mwera kwa chigawo cha Ontario ku Canada. Kumeneko umamera wokha m'nkhalango za chinyezi ndi m'zigwa za mitsinje, ndipo umatalika mamita 10 mpaka 15. Eni nthaka a kumeneko ankayanika zipatso zake kuti adzadye m'nyengo yozizira, ndipo anthu a mtundu wa Choctaw ankaluka nsalu ndi luzi lake.

Mabulosi ambiri amene ali m'makomo mwathu ndi a mtundu wina, Morus alba, wochokera ku China komwe masamba ake amadyetsera mbozi zopanga ulusi wa siliki. Dzina lake limatanthauza "oyera", koma zipatso zake nthawi zambiri zimafiira kenako n'kuda zikapsa. Choncho chipatso chisakupusitseni, gwirani tsamba. La Morus rubra ndi lokhakhala pamwamba, la ubweya kunsi; la Morus alba ndi losalala komanso lonyezimira.

Kusiyanaku kuli ndi phindu kwa mlimi. Njere za mabulosi ofiira zimafuna kuzizidwa kwa mwezi umodzi kapena itatu kuti zimere bwino, ndipo nthambi zake zimavuta kugwira. Mabulosi athu amagwira mosavuta. Palibe chifukwa chotayira ndalama kusaka mbewu yakutali pamene yabwino ili pakhomo pa mnzanu.

Musabzale njere ngati mukufuna zipatso. Mitengo ina ya mabulosi imatuluka yaimuna, imachita maluwa okha osabereka, ndipo mudzazindikira zimenezi mutausamalira kale zaka zingapo. Tengani nthambi pa mtengo umene mwauona ndi maso anu ukubereka zipatso zotsekemera. Nthambiyo ikhale yokhwima, yonenepa ngati pensulo, yotalika masentimita 20 mpaka 30, yokhala ndi maso atatu kapena anayi. Zikani mbali yaikulu m'dothi, maso awiri atsale kunja, osaizondotsa. Bzalani mvula ikakhazikika, kapena yambitsani m'machubu ku nazale miyezi iwiri mvula isanagwe. Thirani manyowa owolerana m'dzenje ndipo tchingirani mtengowo, chifukwa mbuzi siziusiya.

Mtengo wa zipatso upatseni malo, mamita 5 kapena 6 kuchokera pa unzake. Ukhale kutali ndi nyumba, chitsime ndi chimbudzi poti mizu yake imayenda. Pansi pake si poyanikira zovala: zipatso zimathimbiritsa nsalu.

Kwa mlimi wa ziweto, chuma chenicheni chili m'masamba. Mu tsamba louma, magawo 15 mpaka 25 pa 100 alionse ndi chakudya chomanga thupi, ndipo mbuzi, akalulu ndi ng'ombe za mkaka zimawadya mosanyinyirika. Bzalani mothithikana ngati mpanda, masentimita 60 mpaka mita imodzi pakati pa mitengo. Pakatha pafupifupi chaka dulani pa msinkhu wa m'bondo, kenako muzidula miyezi itatu iliyonse pamene pali chinyezi. Masamba otsala a dzinja yanikani pa mthunzi, adzakuthandizani mu Okutobala msipu ukatha. Dziwani kuti mabulosi odulidwa chotere amadya kwambiri chonde, ndiye manyowa a m'khola azibwerera ku mpandawo chaka chilichonse.

Zipatso zimapsa m'nyengo yotentha mvula isanayambe. Yalani mkeka kapena thumba pansi m'mamawa n'kugwedeza nthambi pang'onopang'ono. Zakupsa zigwa zokha. Sizichedwa kuwonongeka, kotero idyani kapena gulitsani tsiku lomwelo, zotsala muphike jamu kapena muyanike. Ana muwaletse kudya zosapsa, chifukwa izo pamodzi ndi utomoni woyera wa mtengowu zimapweteketsa m'mimba.