Kanema wa ma atomu: momwe kompyuta imathandizira pofufuza mankhwala a HIV

Ngati mumamwa TLD, kapena muli ndi m'bale amene amamwa, mwina munamvapo dzina loti dolutegravir. Awa ndi amodzi mwa mankhwala atatu omwe ali m'piritsi limeneli, lomwe anthu a pa ma ARV m'Malawi muno anayamba kulandira mu 2019. Ntchito yake ndi kulepheretsa puloteni ina ya HIV yotchedwa integrase, yomwe kachilomboka kamagwiritsa ntchito polowetsa DNA yake mu DNA ya maselo a munthu. Nanga akatswiri amadziwa bwanji malo oti mankhwala akagwire pa kanthu kakang'ono chonchi?

Puloteni sikhala phee

Puloteni iliyonse imapangidwa ndi ma atomu zikwizikwi. Ndi aang'ono kwambiri moti ma atomu pafupifupi 10 miliyoni atandandalikidwa pamzere angangokwana milimita imodzi. Akatswiri amatha kudziwa pomwe pali atomu iliyonse pogwiritsa ntchito X-ray, koma zomwe amapeza ndi chithunzi chongoima.

M'thupi mwanu sizili choncho. Ma atomu amanjenjemera nthawi zonse, ndipo puloteni imapindika, kutseguka ndi kutsekeka. Taganizirani dzanja: mukalijambula litafumbata, simungadziwe kuti m'chikhatho muli malo oti mungaikemo kanthu. Muyenera kuliona likufumbatuka.

Kanemayu amapangidwa bwanji?

Njirayi imatchedwa molecular dynamics. Akatswiri amalowetsa chithunzi chija mu kompyuta, n'kuika mamolekyulu a madzi mozungulira puloteniyo monga zimakhalira m'thupi. Kenako kompyuta imawerengera mmene atomu iliyonse ikukokedwera kapena kukankhidwa ndi anzake, n'kuisuntha pang'ono. Ikatero imayambanso kuwerengera.

Kusuntha kumodzi kumaimira kanthawi kochepa zedi. Kuti ionetse zochitika m'gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi, kompyuta imabwereza masamuwo ka 500 miliyoni kapena kuposera apo. Mapulogalamu monga VMD, yomwe inapangidwa ku University of Illinois ku America, amatenga manambalawo n'kuwasandutsa kanema woti munthu angathe kumuimitsa, kumutembenuza kapena kumukulitsa.

Ntchito yoyamba yotere pa puloteni inasindikizidwa mu 1977 ndi Andrew McCammon, Bruce Gelin ndi Martin Karplus. Mu 2013 Karplus analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Michael Levitt ndi Arieh Warshel chifukwa cha njira zowerengera zochitika za mamolekyulu pa kompyuta.

Kangalande komwe sikankaoneka

Mu 2004 gulu la McCammon ku University of California, San Diego, linalengeza zomwe linaona pa kanema wa integrase. Mbali ina ya puloteniyi ikasuntha, pankatseguka kangalande komwe sikankaoneka pa chithunzi cha X-ray, ndipo mankhwala ankatha kulowamo. Zimenezi zimatchulidwa ngati chimodzi mwa zomwe zinathandiza pa kafukufuku wa raltegravir wa kampani ya Merck. Awa anali mankhwala oyamba olimbana ndi integrase, ndipo anavomerezedwa ku America mu 2007. Dolutegravir, wa gulu lomweli, anavomerezedwa mu 2013.

Si kamera ayi

Mukaona pa foni yanu kanema wa timipira tofiira ndi tabuluu tikugwedezeka, dziwani kuti palibe kamera yomwe inajambula zimenezo. Ndi zotsatira za masamu. Mitunduyo amachita kusankha ndi anthu: kawirikawiri okosijeni amamupatsa mtundu wofiira, naitrojeni wabuluu. Liwiro lake nalonso amalichepetsa kwambiri kuti maso athe kutsatira.

N'chifukwa chake kanema payekha satsimikizira kuti mankhwala akugwira ntchito. Amangolozera akatswiri poyambira. Mankhwalawo ayenera kuyesedwa mu labotale, kenako pa anthu, asanavomerezedwe. Wina akakuonetsani kanema wokongola wa ma atomu monga umboni woti mankhwala omwe akugulitsa amachiza HIV, musakopeke.

Zikukukhudzani bwanji?

HIV ikamachulukana imalakwitsalakwitsa pokopera majini ake, ndipo zolakwika zina zimasintha kaumbidwe ka integrase. Kusintha kwa ma atomu ochepa chabe pamalo ogwira mankhwala kungachititse kuti mankhwalawo azitaya msanga. Apa m'pomwe timati kachilombo kapima.

Dolutegravir amagwira molimba. Pa kafukufuku wa mu labotale wa mu 2011, zinatenga maola 71 kuti theka la dolutegravir lichoke pa integrase, pomwe raltegravir zinatenga maola osakwana 9. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe kachilomboka kamavutikira kupima kwa dolutegravir.

Komabe maola 71 amenewa si chilolezo chodumphitsa masiku. Mukasiya kumwa, mankhwala amachepa m'magazi, kachilombo kamayambiranso kuchulukana, ndipo kakamachulukana m'pamene kamapeza mpata wosintha. Imwani piritsi lanu tsiku lililonse, ndipo kayezetseni kuchuluka kwa kachilombo m'magazi pa nthawi yomwe achipatala anakuuzani. Ngati pali chomwe chikukulepheretsani kumwa mwandondomeko, auzeni msanga kuti akuthandizeni.