Chifukwa Chake Kalaliki Amafunsa za Batire

Anthu ambiri otumiza katundu pa positi kapena pa ndege amadabwa, ena mpaka kupsa mtima, kalaliki akawafunsa ngati m'phukusi muli batire. Awerengi athu adziwe kuti funsoli si lachipongwe, pakuti linabadwa chifukwa cha moto.

Pa 3 September 2010 ndege yonyamula katundu ya kampani ya UPS inagwa pafupi ndi mzinda wa Dubai, ndipo oyendetsa ake awiri anafa. Ofufuza anapeza kuti moto unabuka pakati pa katundu pamene panali mabatire a lithium ochuluka. Mabatire amtunduwu ndiwo ali m'mafoni, m'makompyuta onyamula m'manja ndi mu power bank. Batire lotere likaphwanyika, kapena chitsulo chikalumikiza nsonga zake ziwiri, limatentha lokha, niliyatsa linzake loyandikana nalo, linzakelo liyatsanso lina, kufikira bokosi lonse lasanduka ng'anjo. Tsono mumlengalenga mulibe kothawira.

Kotero bungwe la ICAO, limene limayang'anira maulendo a ndege pansi pa United Nations, linalamula kuti kuyambira pa 1 April 2016 mabatire a lithium-ion opakidwa paokha asanyamulidwenso ngati katundu m'ndege zokwera anthu. M'ndege za katundu amaloledwa, komatu mphamvu yake isapitirire magawo 30 pa 100 alionse, popeza batire lodzaza ndilo limayaka moopsa.

Wapaulendo nayenso ali ndi lamulo lake, ndipo ndi limene ambiri amalimva mozondoka. Batire lapadera ndi power bank siziikidwa m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege. Zimakhala m'chikwama cha m'manja. Wina angayese kuti n'kuika ngozi pafupi ndi anthu, koma nzeru yake ndi yomveka: utsi ukatuluka pamene pali maso, ogwira ntchito m'ndege amauona msanga nazimitsa motowo. Batire losapitirira 100 Wh limaloledwa. Loyambira pamenepo kufika 160 Wh lifuna chilolezo cha kampani ya ndege.

Miyala wamba ya tochi ndi ya wailesi ilibe malamulo okhwima chotere. Chofunika ndi kuisiya m'paketi yake, kapena kumata nsonga zake ndi tepi, kuti isakhudzane ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo.

Chovuta chenicheni, monga tikuonera ife, ndi munthu wobisa. Amene atumiza foni kwa mbale wake nalemba pa fomu kuti m'phukusi muli zovala, pofuna kupewa mafunso kapena msonkho, wachititsa kuti phukusilo liponyedwe ndi kupanikizidwa ngati zovala. Kalaliki wa pa kauntala sangaone za m'kati, ndipo onyamula katundu amatsata zimene zalembedwa kunja. Batire lotupa, lodontha kapena lophwanyika lokha ndiye siliyenera kutumizidwa pa ndege konse, ngakhale mwini wake atanena zoona.