Mankhwala Ochokera ku Mafangasi: Zomwe Zatheka ndi Zomwe Zatsala

Mafangasi ndi gulu la zamoyo lomwe muli bowa, yisiti ndi chuku. Popeza sathawa adani, ambiri amatulutsa timadzi topha kapena kufooketsa tizilombo tomwe timalimbirana nawo chakudya. Timadzi timeneti ndi tomwe akatswiri amasandutsa mankhwala.

Mu 1928, Alexander Fleming wa ku St Mary's Hospital ku London anaona kuti mabakiteriya sankamera pafupi ndi chuku cha mtundu wa Penicillium. Apa ndi pomwe panachokera penicillin. Mu 1945, Giuseppe Brotzu anapeza fangasi ina m'madzi a m'nyanja ku Sardinia, ndipo inabala gulu la mankhwala a cephalosporin. M'gululi muli ceftriaxone, jakisoni yemwe zipatala za m'Malawi zimadalira pa matenda aakulu monga chibayo ndi oumitsa khosi.

Vuto ndi loti mabakiteriya ambiri aleka kumva mankhwalawa. Mu 2019 mokha, mabakiteriya osamva mankhwala anapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre waonetsanso kuti mabakiteriya a m'magazi osamva ceftriaxone akhala akuchuluka. N'chifukwa chake ofufuza abwereranso ku mafangasi, makamaka okhala m'kati mwa zomera, kukasaka mankhwala atsopano.

Pa khansa, ulendo ukadali wautali. Paclitaxel, yemwe amathandiza pa khansa ya m'mawere ndi ya Kaposi poletsa maselo kugawikana, anapezeka koyamba m'khungwa la mtengo wa yew. Mu 1993, ofufuza a ku Montana ku America analengeza kuti apeza fangasi ya mumtengowo yotulutsa mankhwala omwewo, koma ankatuluka ochepa zedi moti mpaka lero makampani sadalira njirayi.

Timadzi tambiri timapha maselo a khansa mu labotale, koma tochepa ndi tomwe timafika kwa wodwala. Tiyenera kuyesedwa kaye pa nyama, kenako pa anthu, kuti mlingo ndi kuopsa kwake zidziwike, ndipo izi zimatenga zaka zambiri.

Kusamalaku kuli ndi chifukwa. Chuku cha Aspergillus flavus, chomwe chimagwira mtedza ndi chimanga chosauma bwino, chimatulutsa poizoni wa aflatoxin yemwe amayambitsa khansa ya chiwindi. Choncho chakudya chachuku si mankhwala, n'choyenera kutayidwa.