Kuotcha Mafyuzi m'Machip a Mphamvu Yochepa: Vuto la Voltage Yokwera ndi Njira Zolithetsera

1. Mau Oyamba

Cholinga cha pepala lino ndicho kufotokoza vuto limodzi limene amisiri opanga machip a silikoni akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri. Vutolo nali: chip ya makono imagwira ntchito ndi magetsi a mphamvu yochepa, kaŵirikaŵiri osapitirira volti imodzi, koma m'kati mwa chip yomweyo muli timafyuzi timene, kuti tiotchedwe, timafuna mphamvu yoposa imene ziwalo zina za chipyo zingapirire. Mmisiri tsono ayenera kuloŵetsa moto m'nyumba ya udzu osatentha denga. Muno mau akuti voltage akuimira mphamvu yokankha magetsi, yoyezedwa m'mavolti, pamene mau akuti karenti akuimira kuchuluka kwa magetsi oyendawo.

2. Ntchito ya Fyuzi m'Kati mwa Chip

Fyuzi ya m'nyumba imaduka pangozi kuti zipangizo zisapse. Ya mu chip imaotchedwa dala kuti isunge uthenga: yosaotchedwa imaŵerengedwa ngati nambala imodzi, yootchedwa ngati inayo, ndipo uthengawo sufufutika ngakhale magetsi azime.

Nzeru imeneyi inayamba ndi Wen Tsing Chow, amene mu 1956, akugwira ntchito ku American Bosch Arma Corporation ku New York, anapanga chosungira uthenga chotchedwa PROM. M'zaka za m'ma 1970 machip otere anali ndi timawaya ta nichrome kapena polysilicon, ndipo ankagwira ntchito ndi mavolti 5. Pootcha, makina apadera ankapereka voltage yoposa apo. Mu 2004 kampani ya IBM inalengeza mtundu wina wotchedwa eFUSE. Fyuzi imeneyi siphulika ayi. Karenti yamphamvu imakokolola maatomu a chitsulo kuchoka mbali ina kunka kwina, monga madzi akokololera dothi, kufikira njira ya magetsi itatsala pang'ono kutsekeka. Palinso antifuse, imene imachita zosiyana: imayamba ili yotseka, ndipo voltage yokwera imaiboola kuti magetsi adutse.

Mafyuziŵa amasunga nambala ya chip iliyonse ndi makiyi achinsinsi, ndiponso amalozera chip ku mizere yapadera ya memory pamene ina yapezeka yoonongeka. Makina amaseŵera a Xbox 360, amene anatuluka mu 2005, anagwiritsa ntchito mafyuzi poletsa eniake kubwerera ku mapulogalamu akale.

3. Gwero la Vuto

Transistor iliyonse ili ndi chipata cholamulira, ndipo pansi pa chipatacho pali kachikopa kopyapyala kosadutsa magetsi. Pamene matransistor ankacheperachepera, kachikopako nako kankapyapyalirapyapyalira, choncho voltage inayenera kutsika: kuchoka pa mavolti 5 kufika 3.3 m'zaka za m'ma 1990, kenaka 1.8, kenaka 1.2. Pofika chaka cha 2004, m'machip a Intel a nanomita 90 kachikopako kanali kochindikala nanomita 1.2 yokha, ndiye kuti maatomu ngati asanu osanjikizana. Volti imodzi pa kachikopa kotere ikufanana ndi mavolti opitirira 8 miliyoni pa sentimita imodzi.

Voltage ikapyola malire, kachikopako kamabooka nthaŵi yomweyo, kapena kamafooka pang'onopang'ono. Kufooka kumeneku ndiko koopsa kwambiri, pakuti chip imapambana mayeso a ku fakitale, nkudzafera m'manja mwa wogula patapita miyezi. Fyuzi yokha sinatsike nao mofanana, chifukwa kusuntha chitsulo kapena kuboola kachikopa kumafunabe mphamvu ndithu.

Ngozi yachiŵiri ndiyo kuotcha fyuzi yosayenera. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Fyuzi imodzi ya kiyi yachinsinsi ikaotchedwa molakwika, chip yonse ingathe kukhala yotayidwa.

4. Njira Zotetezera

4.1 Kochokera voltage yokwera. Njira ziŵiri zilipo. Yoyamba ndiyo kuipereka kuchokera kunja, kudzera pa mwendo wapadera wa chip. Yachiŵiri ndiyo kuipanga m'kati ndi charge pump, imene John F. Dickson anafotokoza mu 1976, potsata nzeru imene Cockcroft ndi Walton anagwiritsa ntchito ku Cambridge mu 1932. Pampu imeneyi imatunga magetsi pang'onopang'ono nkumaakweza sitepe ndi sitepe, monga anthu opatsirana ndowa pa makwerero. Imakweza voltage bwino, koma karenti yake njochepa. Pa chifukwa ichi imayenerera antifuse, pamene eFUSE, yofuna mamiliampea angapo, kaŵirikaŵiri imadalira magetsi akunja.

4.2 Matransistor a chikopa chochindikala. Machip ambiri ali ndi mitundu iŵiri ya matransistor: ang'ono ofulumira a pakati, ndi akuluakulu a m'mphepete olankhulana ndi zakunja pa mavolti 1.8, 2.5 kapena 3.3. Njira yonse imene voltage yootchera imadutsa imamangidwa ndi akuluakuluŵa. Kuipa kwake nkwakuti amadya malo.

4.3 Kusanjikiza. Pamene ngakhale akuluakuluwo sangapirire, amisiri amalumikiza aŵiri kapena atatu motsatana kuti agaŵane katunduyo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Tiyerekeze kuti voltage yootchera ndi 3.3 ndipo transistor imapirira 1.8 yokha. Tikasanjikiza aŵiri, nkugwira chipata cha yapamwambayo pa 1.8, kachikopa kake kadzasenza 3.3 kuchotsapo 1.8, ndiye kuti 1.5, ndipo yapansiyo sidzaona voltage yoposa 1.8. Koma tizindikire kuti chitetezo chonsechi chatsamira pa chipata chapakaticho: chikagwa kufika pa ziro, mavolti onse 3.3 adzagwera kachikopa kamodzi.

4.4 Kumasulira lamulo. Lamulo lakuti fyuzi yakuti iotchedwe limachokera ku matransistor ang'ono aja, amene mau ao ngotsika zedi kuti atsegule kapena kutseka chipata cha voltage yokwera. Pakati pao pamaikidwa level shifter, imene ntchito yake ili ngati ya womasulira: imalandira lamulo pa voltage yotsika nkulibwereza pa yokwera, osalola kuti yokwerayo ibwerere m'mbuyo.

4.5 Ndondomeko ya kuyatsa ndi kuzimitsa. Apa ndi pamene machip ambiri angaonongekere. Voltage yokwera ikafika chigawo cholamulira chisanadzuke, womasulira uja amalandira malamulo osadziŵika, ndipo fyuzi ingapse popanda woituma. Lamulo lake ndi ili: voltage yotsika iyambe kuyaka, yokwera ibwere pambuyo, pozimitsa, yokwera iyambe kuchoka. Amisiri amaikanso kachipangizo kolondera, kamene kamatseka njira ya voltage yokwera kufikira kataona kuti yotsikayo yakhazikika. Ntchito yootcha ikatha, njirayo imatsekedwa, ndipo m'machip ambiri mwendo uja umalumikizidwa ku ziro.

4.6 Kuchepetsa nthaŵi. Popeza kufooka kwa kachikopa kumakula ndi nthaŵi, voltage yokwera imaperekedwa kwa mamaikrosekondi oŵerengeka chabe, ndipo kaŵirikaŵiri fyuzi imodzi pa nthaŵi imodzi. Pambuyo pake fyuziyo imaŵerengedwa ndi karenti yochepa pofuna kutsimikiza kuti yapsadi, chifukwa fyuzi yopsa mwatheka ingaŵerengeke mwina lero, mwina maŵa.

5. Mau Otsiriza

Taona kuti palibe njira imodzi yokwanira payokha. Chikopa chochindikala ndi kusanjikiza zimateteza matransistor. Womasulira ndi ndondomeko ya kuyatsa zimateteza mafyuzi osayenera kupsa. Kuchepetsa nthaŵi ndi kuŵerenganso zimatsimikiza kuti chimene chalembedwa chidzakhalitsa. Ndipo popeza malamya a m'manja, magalimoto ndi makadi a kubanki amadalira machip osunga makiyi ndi manambala osafufutika, mphindi yaing'ono imene fyuzi ikupsa imafuna kusamala koposa nthaŵi ina iliyonse pa moyo wa chip.