Oimba ochuka ayamba kuwelengela utsi wa maulendo ao

Gulu la oimba ochuka la ku Ulaya likanyamuka kukaimba m'maiko ena, silinyamula magitala ndi ng'oma cabe. Pambuyo pao pamatsatila mathilaki ambili-mbili odzaza ndi zitsulo zomangila pulatifomu, zokuzila mau ndi nyale zamitundu-mitundu, ndiponso anchito mazana amene amakwela ndeke pamodzi nao. Pa bwalo loimbila pamalila majeneleta a dizilo usana ndi usiku. Utsi wa mafuta onsewa ndi mbali ya mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza nyengo ya mvula. Ife alimi a muno mu Zambia sitifunika kuuzidwa kuti mvula ikasokonezeka cimacitika n'ciani. Mu 2024 cimanga cinauma cisanabeleke, pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo madzi atacepa ku Kariba magetsi anali kuzima pafupi-fupi tsiku lathunthu.

Oimba ena ayamba kucita nazo manyazi zimenezi. Mu November 2019 a Chris Martin, mtsogoleli wa gulu la Coldplay la ku London, anauza a BBC kuti sadzayendanso kukaimba kufikila atapeza njila yocepetsela kuononga cilengedwe. Anayambanso ulendo mu March 2022 ku Costa Rica, dziko limene magetsi ake pafupi-fupi onse amacokela ku madzi, mphepo ndi kutentha kwa pansi pa nthaka. Lonjezo lao linali lakuti utsi udzatsika ndi theka poyelekeza ndi ulendo wao wa 2016 ndi 2017.

Zina zimene anacita n'zoseketsa ndithu. Anaika pansi matabwa amene amapanga magetsi anthu akamavinapo, ndi njinga zosayenda zimene oonelela amapalasa kuti adzaze mabatili. Ndiye kuti munthu walipila pa cipata, kenaka akupalasilanso eni phwando njinga! Zina n'zanzelu kwambili. Mabatili akulu oyendetsela zokuzila mau ndi nyale anawapanga kucokela ku mabatili akale a motoka za BMW. Tuzibangili towala tumene oonelela amavala pa mkono amatubweza potuluka kuti tukagwilenso nchito mu mzinda wotsatila. Mu June 2024 gululo linalengeza kuti utsi watsika ndi 59 pa 100 iliyonse, ndipo akatswili a pa sukulu ya MIT ku America anaunika ziwelengelozo. Linanenanso kuti labyalitsa mitengo 7 miliyoni, mtengo umodzi pa tikiti iliyonse.

Apa pa mitengo m'pamene mlimi ayenela kufunsa funso. Aliyense amene anabyalapo mbande za musangu m'munda adziwa kuti kubyala ndi nchito ya tsiku limodzi, koma kulela mtengo ndi nchito ya zaka. Mbuzi zimabudula, ciswe cimadya mizu, ndipo moto wa mu September susankha. Ndeke imene yauluka lelo yatulutsa utsi wake lelo lomwe, pamene kamtengo kobyalidwa lelo kadzayamba kumwa mpweya woculuka mwana wobadwa caka cino ali kale pa sukulu. Sindinena kuti aleke kubyala, iai. Koma ciwelengelo cimene ine ndikanakonda kumva ndi ca mitengo imene idzakhale ikali moyo pakapita zaka 10, ndi dzina la woisamala.

Nkhani ya mafuta nayonso inautsa mkangano. A Coldplay anagwilizana ndi kampani ya ku Finland yochedwa Neste, imene imapanga mafuta a mathilaki ndi ndeke kucokela ku zotsala monga saladi wophikila kale. Mu 2022 bungwe la Transport & Environment linadzudzula mgwilizanowo, ponena kuti ena ogulitsa mafuta a kanjedza ku kampaniyo anagwetsa nkhalango ku Indonesia ndi ku Malaysia. Oimbawo anayankha kuti analonjezedwa kuti mafuta ao mulibe a kanjedza.

Koma cacikulu ndi ici. Ciwelengelo cija ca 59 ndi ca utsi wa oimba eni ake, anchito ao, katundu wao ndi magetsi a pa bwalo. Maulendo a khamu la anthu obwela kudzaonelela mulibemo. Ndipo kumeneko ndi kumene kuli utsi woculuka. Gulu lina la ku England, la Radiohead, linazindikila zimenezi kale mu 2007, pamene linalemba nchito akatswili kuti awelengele utsi wa maulendo ake awili a ku America. Anapeza kuti woposa 80 pa 100 unacokela kwa oonelela, maka-maka motoka zao. Ganizilani za msonkhano uliwonse waukulu: mafuta amene mlaliki kapena wandale watentha pobwela ndi ocepa poyelekeza ndi a mabasi ndi malole onse amene abweletsa anthu. Motelo mu 2008 a Radiohead anayamba kusankha mabwalo a m'kati mwa mizinda, kumene munthu angafike pa basi kapena pa sitima, ndipo anakhala ndi zipangizo ziwili zofanana, cina ku Ulaya cina ku America, kuti asamazikweze ndeke.

Amene anaigwila nkhaniyi mwamphamvu ndi a Massive Attack. Pa 25 August 2024 anaimba kwao ku Bristol pamaso pa anthu oposa 30,000. Matikiti oyamba anagulitsidwa kwa anthu okhala pafupi. Malo oimikapo motoka za anthu wamba sanakonzedwe dala. M'malo mwake anapangana ndi a njanji kuti pakhale masitima apadela usiku nyimbo zikatha, ndi mabasi oyendela magetsi opeleka anthu ku siteshoni. Pulatifomu inayendela mabatili odzazidwa ndi magetsi a mphepo ndi dzuwa, popanda jeneleta ya dizilo. Cakudya conse cogulitsidwa pamenepo cinali ca zomela, nyama panalibe. Amene sakhuta popanda ka nyama koocha anavutika tsikulo. Kwa ine njila iyi iposa ya kubyala mitengo pambuyo, cifukwa mafuta amene sanatenthedwe safuna wina wowalipilila.

Akatswili a Tyndall Centre a pa yunivesiti ya Manchester anaunika phwandolo ndi kutulutsa lipoti lao mu 2025. Utsi wocokela ku magetsi a pa bwalo unatsika ndi 98 pa 100 poyelekeza ndi phwando lotelo loyendela dizilo. Komabe panali ena amene sanamve za sitima ndi basi, cifukwa anacokela kutali. Munthu mmodzi mwa anthu 20 alionse anabwela pa ndeke, ndipo ocepawo anatulutsa utsi woposa theka la utsi wa maulendo a khamu lonselo.